Mapointi, nyenyezi ndi pizza: kodi mphotho zimamuwerengetsadi mwana?

M'sukulu zambiri za ku America ndi ku Britain, mwana akamaliza buku sangolibweza pa shelefu n'kutenga lina. Amayamba wakhala pa kompyuta kapena pa tabuleti, n'kulemba dzina la bukulo kapena nambala yake, n'kuyankha mafunso angapo. Pomwepo makina amamuuza mafunso amene wakhoza ndi mapointi amene wapeza. Sukulu zina zimalemba mapointiwo pa khoma, zina zimatsegula kasitolo kogulitsa mapensulo ndi tizidole pa mtengo wa mapointi, zinanso zimachitira phwando ana amene afika pa chiwerengero chinachake. Makolo ochokera kwathu kuno amene ana awo akuphunzira ku Britain amatidziwa timanambala ngati 3.4 kapena 4.8 tomata pamsana pa mabuku a ku laibulale ya sukulu. Timanambalati timachokera ku dongosolo limeneli.

Pulogalamu yodziwika kwambiri ya mtunduwu ndi Accelerated Reader. Anaiyambitsa Judi Paul ku Wisconsin m'zaka za m'ma 1980 pofuna kulimbikitsa ana ake kuwerenga, ndipo lero ili m'manja mwa kampani ya Renaissance Learning. Ilipo ina yotchedwa Raz-Kids, ya kampani ya Learning A-Z, imene mabuku ake ali pa intaneti pomwepo: mwana amamvetsera buku likuwerengedwa, amaliwerenga yekha, amayankha mafunso, ndipo chilichonse mwa izi chimamupatsa nyenyezi zogulira zovala za kachidole kake ka pa sikirini kapena zokongoletsera chombo chake cha mumlengalenga. Mwambo wopatsa ana mphotho chifukwa cha kuwerenga unakula m'zaka za m'ma 1980 zomwezo ndi pulogalamu ya BOOK IT! ya Pizza Hut, imene imapatsa pizza yaulere mwana amene wakwanitsa zimene mphunzitsi wake anamuikira pa mwezi.

Anthu akamakangana za mapulogalamuwa amakonda kuwatenga ngati chinthu chimodzi, pomwe mkati mwake muli zinthu zinayi zosiyana: mabuku ambiri oti mwana asankhepo, nthawi yowerenga yoikika tsiku ndi tsiku, mafunso a pa kompyuta, ndi mphotho. Katswiri wa maphunziro a zilankhulo Stephen Krashen anatsindika kusiyanitsa kumeneku kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Mfundo yake inali yakuti umboni wamphamvu uli pa ziwiri zoyambazo, mabuku ndi nthawi, koma ndalama ndi chidwi cha sukulu zimathera pa ziwiri zomalizazo.

Momwe mapointi amawerengedwera

Mwana asanayambe Accelerated Reader amalemba mayeso a pa kompyuta otchedwa Star Reading, a mafunso 34, amene amatenga mphindi pafupifupi 20. Mafunsowo amasintha molingana ndi mayankho: mwana akakhoza, lotsatira limalimbako, akalakwa, limapepukako. Zotsatira zake zimapereka malire a mabuku omuyenera, mwachitsanzo kuyambira 2.8 kulekeza 3.9. Malirewa amawatcha ZPD, potengera ganizo la katswiri wa ku Russia Lev Vygotsky lakuti mwana amaphunzira bwino pa ntchito yoposa pang'ono imene angaichite mosavuta. Buku lililonse limapatsidwa mlingo wake ndi njira yotchedwa ATOS, imene imayang'ana kutalika kwa ziganizo, kutalika kwa mawu, kuvuta kwa mawuwo ndi kukula kwa buku. Njirayi siona ngati nkhani yake ndi yoyenera msinkhu wa mwana. Buku la ziganizo zazifupi lokamba za nkhanza kapena za chibwenzi lingathe kukhala ndi mlingo wa 3.5, n'chifukwa chake pamakhala chizindikiro china chonena msinkhu woyenera, chimene ambiri amaiwala kuchiyang'ana.

Mapointi a buku amapezeka motere: onkhetsani 10 ndi mlingo wa bukulo, chulukitsani ndi chiwerengero cha mawu ake, kenaka gawani ndi 100,000. Buku la mlingo 4.0 la mawu 50,000 lili ndi mapointi 7. Mwana sapatsidwa onse pokhapokha atakhoza mafunso onse. Akakhoza 8 pa 10 amapeza 5.6. Akapanda kufika pa 60 peresenti pa mayeso a mafunso 5 kapena 10, kapena 70 peresenti pa a mafunso 20, sapeza kanthu, ndipo kawirikawiri buku limodzi salembera kawiri.

Masamu amenewa ndi ofunika kuwayang'anitsitsa, chifukwa ana sachedwa kuwatulukira ngakhale palibe wawaphunzitsa. Choyamba, kutalika kwa buku kumalipira kuposa kuvuta kwake. Kuchoka pa mlingo 3 kufika pa 6 kumangosintha chochulukitsira kuchoka pa 13 kufika pa 16. Buku losavuta la mlingo 4.0 la mawu 100,000 limapereka mapointi 14, pomwe buku lolimba la mlingo 9.0 la mawu 20,000 limapereka pafupifupi 4. Mwana wofuna mapointi alibe chifukwa chogwirira buku la sayansi, la mbiri kapena la ndakatulo. Chachiwiri, kabuku kakang'ono sikatsika pansi pa theka la pointi. Kabuku ka zithunzi ka mawu 500 ka mlingo 2.0, mwa masamu enieni kakanapereka 0.06, koma kamapereka 0.5. Timabuku 14 totere, mawu 7,000 onse pamodzi, timafanana ndi buku lija la mawu 50,000. Sabata yomaliza ya teremu, pamene mphotho ili pafupi, shelefu ya timabuku ta ana aang'ono imakhala mbee, ndipo otitenga ndi ana akuluakulu. Zimafanana ndi waganyu wolipidwa pa mzere: mizere imachuluka ndithu, koma mukafukula pansi mupeza khasu silinalowe.

Chachitatu ndi kulota mayankho. Ngati funso lililonse lili ndi mayankho anayi osankhapo, mwana amene sanatsegule n'komwe bukulo ali ndi mwayi wa pafupifupi 1 pa 10 wokhoza mafunso 3 mwa 5. Akawerenga chikuto ndi kuona zithunzi, mwayiwo umakwera. Pa mabuku amene anasandutsidwa filimu, ana ena amalemba mayeso ataonera filimu yokha.

Zimene ofufuza anapeza

Ku England, bungwe la Education Endowment Foundation linayesa Accelerated Reader kawiri. Kafukufuku woyamba, wotuluka mu 2015, anali wa ana 349 a Year 7, a zaka 11 ndi 12, m'sukulu zinayi za sekondale, onse otsalira pa kuwerenga. Patatha masabata 22, amene anagwiritsa ntchito pulogalamuyi anali patsogolo ndi miyezi itatu poyerekeza ndi anzawo. Nkhaniyi inafala kwambiri. Kafukufuku wachiwiri, wotuluka mu 2021, anali wamkulu, wa sukulu za pulayimale 181, ndipo kwa ana a Year 5, a zaka 9 ndi 10, sanapeze kusiyana kulikonse. Izi sizikunena kuti anawo sanapite patsogolo. Zikunena kuti sanapose anzawo a m'sukulu zimene zinkapitiriza njira zawo zakale zophunzitsira kuwerenga. Sukulu imene ili kale ndi mabuku ndi nthawi yowerenga isayembekezere zodabwitsa chifukwa yawonjezera kompyuta yofunsa mafunso.

Za mphotho zenizenizo, kafukufuku amene aphunzitsi ayenera kumudziwa ndi wa mu 1973 wa Mark Lepper, David Greene ndi Richard Nisbett, pa sukulu ya mkaka ya ku yunivesite ya Stanford. Anasankha ana a zaka 3 mpaka 5 amene ankakonda kale kujambula, n'kuwagawa patatu. Gulu loyamba linalonjezedwa satifiketi likajambula. Lachiwiri linapatsidwa satifiketi yomweyo mosayembekezera litamaliza. Lachitatu silinapatsidwe kanthu. Patapita sabata imodzi kapena ziwiri, zojambulira zinaikidwanso m'kalasi popanda lonjezo lililonse. Ana a gulu loyamba anajambula pafupifupi theka la nthawi imene anzawo anajambula. A gulu lachiwiri sanasinthe. Chinawononga chidwi si satifiketiyo ayi, koma mgwirizano wakuti "ukachita ichi ndikupatsa icho". Mu 1999 Edward Deci, Richard Koestner ndi Richard Ryan anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 128 n'kupeza zofanana: mphotho yogwirika imene munthu walonjezedwa imachepetsa chidwi pa ntchito imene ankaikonda kale, makamaka kwa ana, pomwe mawu oyamikira onena chimene wachita bwino sawononga motero.

Mawu akuti "ankaikonda kale" ndi ofunika. Mwana amene sagwira buku n'komwe alibe chidwi choti chiwonongeke, ndipo kwa iyeyu kamphotho kangathe kumufikitsa pa tsamba loyamba. Katswiri wa zachuma Roland Fryer anayesa zimenezi ku Dallas m'chaka cha sukulu cha 2007 mpaka 2008, polipira ana a giredi 2 madola awiri pa buku lililonse limene awerenga n'kukhoza mafunso ake. Ku New York ndi ku Chicago analipira ana chifukwa cha malikisi awo, ndipo kumeneko sikunaoneke phindu lenileni. Ku Dallas ana olankhula Chingelezi kunyumba anapita patsogolo, koma olankhula Chisipanishi anatsika. Apa pali maphunziro awiri. Kulipira chinthu chimene mwana akudziwa kuchichita lero, monga kutenga buku, kumagwira ntchito kuposa kulipira malikisi amene sakudziwa kuti angawakweze bwanji. Ndipo mphotho imodzimodziyo imagwa mosiyana pa mwana amene chilankhulo cha kunyumba si cha sukulu.

Mu 2008 Barbara Marinak ndi Linda Gambrell anayerekeza ana a giredi 3 amene anapatsidwa buku ngati mphotho, amene anapatsidwa kachidole, ndi amene sanapatsidwe kanthu. Atawasiya asankhe chochita, a buku ndi osapatsidwa kanthu anabwerera ku kuwerenga kuposa a kachidole. Mphotho ikakhala pachibale ndi kuwerengako, vuto lija limachepa.

Kuyendetsa pulogalamu m'kalasi

Yambani ndi nthawi, osati ndi mphotho. Mphindi 20 mpaka 30 tsiku lililonse, nthawi yosasinthasintha, ana onse akuwerenga ndipo mphunzitsi sakuchonga makope. Ntchito yake pa nthawiyo ndi kuzungulira: kuima pa mwana mmodzi mphindi ziwiri kapena zitatu, kumumvetsera akuwerenga ndime imodzi chapansipansi, kumufunsa kuti "wafika pati, chachitika n'chiyani, ukuganiza kuti chitsatire n'chiyani?" Pa tsiku angathe kuona ana 6 kapena 8, ndipo pakutha sabata wamaliza kalasi ya ana 35. Mbali iyi ndi imene imayamba kutayidwa sukulu ikagula pulogalamu, chifukwa aliyense amaganiza kuti kompyuta ikuona. Kompyuta imangoona mayankho. Siimva mwana amene akulumpha mawu aatali kapena amene wakhala pa tsamba 12 kuyambira Lolemba.

Werengeranitu zipangizo. Mayeso a mafunso 5 kapena 10 amatenga mphindi ngati zisanu, kuphatikizapo kulowa ndi kutuluka. Ngati ana 40 aliyense amamaliza buku limodzi pa sabata, ndiye kuti pa tsiku pali mayeso 8, ndipo matabuleti awiri akwanira. Koma ana ongoyamba kumene, owerenga timabuku tating'ono, amamaliza tsiku lililonse: 40 kuchulukitsa ndi mphindi 5 ndi mphindi 200, ndipo kuti zikwane m'mphindi 25 pafunika matabuleti 8. Zikachepa, nthawi yowerenga imasanduka nthawi yoima pa mzere. Mayeso alembedwe tsiku lomwe buku latha kapena mawa lake, popeza mafunso ambiri ndi okumbukira zimene zinachitika m'nkhani. Mwana akadikira mpaka Lachisanu amalephera chifukwa choiwala, osati chifukwa chosamvetsa. Alembedwe m'kalasi, sikirini ikuonekera kwa mphunzitsi, buku litatsekedwa. Mayeso olembera kunyumba amayesa akulu ake a mwanayo. Manambala achinsinsi olowera asamatidwe pa khoma, chifukwa pakakhala mphotho, mwana wanzeru amayamba kulembera anzake posinthana ndi masiwiti.

Chiwerengero chimene mphunzitsi ayenera kuyang'ana poyamba si mapointi koma peresenti ya mayankho olondola. Eni pulogalamu amalangiza kuti avareji ikhale 85 kapena kuposa. Mwana amene amangopeza 60 kapena 70 buku ndi buku, mwina akutenga mabuku olimba, mwina akuthamanga, mwina sakumaliza. Mutsitseni mlingo pang'ono, mufupikitsireni mabuku, muone mayeso atatu otsatira. Amene amapeza 100 nthawi zonse pa timabuku ta theka la pointi wakhazikika pofewa, akwezedwe. Pa Raz-Kids chizindikiro cha vuto ndi nthawi: buku la masamba 16 limene "lawerengedwa" m'masekondi 40 langotembenuzidwa. Pulogalamuyi imalola mwana kujambula mawu ake akuwerenga, ndipo mphunzitsi akamvetsera kamodzi pa masabata awiri amadziwa zambiri kuposa zimene nyenyezi zingamuuze. Mbali yogulira zinthu ndi nyenyezi mphunzitsi angathe kuitseka, ndipo ndi bwino kuitsegula nthawi yoikika yokha, apo ayi ana ena amatha mphindi 15 akusankhira kachidole chipewa.

Cholakwika chofala kwambiri ndi kuika cholinga chimodzi cha kalasi yonse, monga "aliyense mapointi 10 pofika pakati pa teremu". Tiyerekeze ana awiri owerenga mphindi 20 pa tsiku kwa masiku 30 a sukulu. Woyamba amawerenga mawu 80 pa mphindi, ndiye kuti awerenga mawu 48,000, amene pa mlingo 4.0 ndi mapointi osakwana 7. Wachiwiri amawerenga mawu 40 pa mphindi: mawu 24,000, amene pa mlingo 2.0 ndi pafupifupi mapointi 3, ngati sali m'timabuku tating'ono tija ta theka la pointi. Onse akhala pa buku nthawi yofanana, palibe waulesi, koma pa tchati cha pa khoma wachiwiriyo aoneka ngati sachita kanthu. Ndipo mwana wachitatu, wowerenga mawu 150 pa mphindi amene kwawo kuli mabuku, adutsa 10 asanatuluke thukuta. Mphotho ya kalasi yonse imapita kwa amene sakuisowa, n'kuuza amene akuisowa kuti masewerawa si ake. Mwana aliyense akhale ndi cholinga chake, chochokera pa liwiro lake ndi mlingo wake, cha masabata 4 mpaka 6, ndipo chikhale pakati pa iye ndi mphunzitsi. Ngati pafunika chinthu cha pa khoma, chikhale cha kalasi yonse pamodzi, monga mawu onse amene awerenga teremu ino, kumene kabuku ka mwana wotsalira nako kamakweza chiwerengero.

Mapointi asalowe pa malikisi a lipoti. Akalowa, mwana saika dala pangozi malikisi ake poyesa buku lovuta, ndipo kholo limayamba kufunsa "wapeza angati?" m'malo mwa "ukuwerenga chiyani?" Chimodzimodzinso kulanda mwana nthawi yopuma chifukwa sanakwanitse: kuwerenga kukasanduka chilango, ntchito yoti akukonde imabwerera kumbuyo.

Mphotho zoyenera ndi zazing'ono komanso zapachibale ndi mabuku: kusankha buku limene kalasi iwerengeredwe mokweza, kukhala woyamba kubwereka buku latsopano, kupita kukawerengera ana a kalasi yaing'ono, kupatsidwa buku lakelake lopita nalo kunyumba. Zina zibwere mosalonjezedwa. Poyamikira, tchulani chimene mwaona: "Sabata yatha unkasiya buku pakati, lino walimaliza ndipo wandifotokozera chifukwa chimene mtsikana uja anathawira." Ndipo mphotho ikhale ndi tsiku lake lothera. Teremu yoyamba ingabwere sabata ndi sabata kwa amene akuvutika kuyamba, yachiwiri kamodzi pa mwezi, yachitatu kungotsala kukambirana za mabuku. Njira yoyesera ngati zikuyenda ndi yophweka: siyani mapointi kwa masabata awiri, nthawi yowerenga ikhalepobe, muwerenge ana amene akubwerekabe mabuku. Musaletsenso mwana buku chifukwa lilibe mafunso pa kompyuta kapena lili kunja kwa malire ake. Buku limodzi pa atatu aliwonse likhale losankha yekha, lopanda mayeso.

Kwathu kuno

Mapulogalamu awiri aja, Accelerated Reader ndi Raz-Kids, analembedwera ana a mayiko olankhula Chingelezi, amalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo amafuna intaneti yodalirika. Mafunso a Accelerated Reader ndi a mabuku a Chingelezi, ena a Chisipanishi. Mayeso a Star Reading amayerekeza mwana ndi anzake a ku America kapena ku Britain, choncho mwana wa ku Lilongwe kapena ku Chipata amene Chingelezi ndi chilankhulo chake chachiwiri angathe kupatsidwa mlingo wotsika, n'kukankhidwira ku timabuku ta ana a zaka 6 iye ali ndi zaka 11. Sukulu yolipira imene ikuganiza zogula iyambe yaona kuti mwa mabuku a mu laibulale yake ndi angati amene ali ndi mafunso pa pulogalamuyo, komanso ndi angati pa mlingo uliwonse. Ana 30 a mlingo wapakati pa 2 ndi 3 sangagawane mabuku 25.

M'sukulu za boma za ku Malawi matabuleti akulowa mwa njira ina. Pulogalamu ya BEFIT, imene inayamba mu 2023, ikupereka kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 matabuleti otchajidwa ndi magetsi a dzuwa, okhala ndi maphunziro a kuwerenga ndi masamu a bungwe la onebillion, m'Chichewa, osafuna intaneti pophunzira. Iyi imaphunzitsa kuwerenga kwenikweniko, malembo ndi maphatikizo, pomwe Accelerated Reader imangoyesa mwana amene akutha kale kuwerenga. Funso limene limatsala ndi lakuti mwana akazimitsa tabuleti awerenga chiyani. Malo a pa intaneti monga African Storybook ndi Bloom Library ali ndi nthano za m'Chichewa zaulere zoti n'kutsitsa ndi kusindikiza. Mphunzitsi wa kalasi ya ana 100 amene alibe kompyuta angathe kutengako mbali zothandiza za dongosolo lija ndi manja: kusanja timabuku m'milu itatu kapena inayi molingana ndi kuvuta kwake, kulemba mafunso asanu pa kakhadi ka kabuku kalikonse, awiri mwa iwo ofunsa "chifukwa chiyani", ndi kusunga kope limene mwana aliyense ali ndi mzere wake wa dzina la kabuku, tsiku ndi mafunso amene wakhoza. Ana a Sitandade 7 angathe kufunsa mafunsowo pakamwa kwa a Sitandade 3, magulu a ana khumi, kawiri pa sabata.